Bwalo lamasewera la ana m'paki ya m'dera: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

Zolemba izi tikusunga ife a gulu lokonza mapulani, kuti aliyense wodzapitiriza ntchitoyi adzadziwe chimene tinasankha ndi chifukwa chake. Miyezo ya zipangizo tikutsatira muyezo wa ku Ulaya wa EN 1176, ya pansi pogwera EN 1177, ndipo pamene tafuna kuyerekeza tikuyang'ananso buku la bungwe la CPSC la ku America lokhudza chitetezo m'mabwalo a ana.

Cholemba 1: Kuyeza malo

Kuyeza kwatha. Malo ndi mamita 30 m'litali ndi mamita 22 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 660. Kum'mawa kuli msewu wa magalimoto, kumadzulo kuli mitengo ikuluikulu itatu, ndipo nthaka yatsetserekera pang'ono kungodya imodzi.

Tepi yoyezera imangonena kukula kwa malo. Zina zonse zimaoneka munthu akaimapo nthawi zosiyanasiyana, m'mawa, masana, madzulo, ndiponso mvula itangokata. Pamapu tajambulapo zinthu zinayi: pamene mthunzi umagwera dzuwa likapendeka, pamene madzi amadikha, njira yachidule imene anthu anaipondaponda okha podutsa m'paki, ndi mmene mapaipi ndi mawaya apansi anadutsira. Njira yachiduleyo sitilimbana nayo. Anthu amene anazolowera kudutsa penapake sasiya chifukwa mwaikapo katungwe, amangodutsa kutsogolo kwa katungweyo, ndipo woyamba kugundidwa amakhala mwana wamng'ono wotsatira mayi ake. Choncho njirayo ikhala njira yeniyeni ya bwalo, zipangizo zikhala m'mbali.

Tinayesanso mmene nthaka imamwera madzi. Timakumba dzenje la masentimita 30 mbali zonse, mpaka kupitirira pamene tidzalekezere kukumba, n'kulidzaza madzi, kulisiya usiku, kenako kulidzazanso n'kuona nthawi imene madziwo atenge kuti aphwe. Kumtunda madzi anaphwa bwino. Kungodya yakumunsi anangokhala, ndiye kuti kumeneko ndi dongo. Nkhani imeneyi ibweranso pa ngalande.

Mitengo itatu ija ndiyo chuma chachikulu pamalopa, ndipo imafa mosavuta pa nthawi yomanga. Mizu yambiri imakhala pamwamba, osati pansi penipeni, moti thirakitala ikadutsapo kangapo dothi limagangatika, mizu n'kusowa mpweya, mtengo n'kudzauma patapita zaka ziwiri kapena zitatu aliyense ataiwala chimene chinachitika. Tatsatira lamulo la mu BS 5837, muyezo wa ku Britain woteteza mitengo pamalo omanga: kuyeza kunenepa kwa thunthu (kuchoka mbali ina kufika mbali inayo, osati mozungulira) pa msinkhu wa mita 1.5 n'kuchulukitsa ka 12. Thunthu la masentimita 50 likufuna mamita 6 kuchokera pathunthupo mbali zonse, osakumba, osaunjikapo mchenga, osaimikapo galimoto. Takhoma zikhomo ndi kumanga chingwe.

Cholemba 2: Bwaloli ndi la ndani

Bungwe la Fields in Trust la ku Britain limagawa mabwalo patatu. Laling'ono la ana aang'ono kwambiri limakhala la masikweya mita 100 ndipo lisatalikire mamita 100 kuchokera kunyumba. Lapakati ndi la masikweya mita 400, mtunda wa mamita 400. Lalikulu, lofikira ana osinkhuka, ndi la masikweya mita 1,000, mtunda wa mamita 1,000. Lathuli lili pakati pa lachiwiri ndi lachitatu. Ndiye kuti ana ambiri adzabwera wapansi, ena okha popanda wamkulu, ndipo sitingathe kuikamo chilichonse. Bwalo la mpira silikwana. Mtunda woyezedwawo uyenera kukhala woyenda ndi miyendo, osati mzere wowongoka pamapu, chifukwa nyumba imene ili pafupi koma tsidya la msewu wodutsa magalimoto ambiri, kwa mwana wa zaka 6 ili kutali.

Takambirana ndi ana ndi makolo padera. Mwana ukamufunsa kuti ukufuna tiike chiyani, amatchula zimene anaziona kwina, katungwe ndi chotsetserekera, basi. Tinasintha funso n'kumafunsa kuti mukamasewera mumachita chiyani, nanga ndi pati pamene mumakonda kukhala. Mayankho anali kukwera, kubisala, kukumba, kudumpha kuchoka apa kufika apo osaponda pansi, kuthamangitsana, ndi kungokhala pansi n'kumacheza osaonedwa ndi akuluakulu. Atsikana osinkhuka anatchula kwambiri malo okhala ambiri pamodzi moyang'anana. Zambiri mwa zimenezi sizifuna chipangizo chogula kufakitale.

Si maganizo achilendo. Aldo van Eyck, katswiri wa mapulani a zomangamanga wa ku Netherlands, anakonza mabwalo oposa 700 mumzinda wa Amsterdam kuyambira mu 1947, ndipo ambiri anali a mchenga, timiyala ta konkire todumphirapo ndi zitsulo zopindika zimene mwana amasankha yekha chochita nazo. Ku Emdrup, mumzinda wa Copenhagen ku Denmark, bwalo lotsatira maganizo a katswiri wokonza mapaki Carl Theodor Sørensen linatsegulidwa mu 1943 lili ndi matabwa, njerwa ndi zida zomangira. Ife sitifika pamenepo chifukwa bwalo lotere limafuna munthu wolembedwa ntchito woyang'anira tsiku lililonse. Koma ndime 31 ya pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989 imanena za ufulu wosewera, sinena za ufulu wokwera chitsulo, ndipo tikuganiza motero polemba mndandanda.

Tagwirizana kuti pakhale chigawo cha ana a zaka 2 mpaka 5 ndi cha a zaka 5 mpaka 12, koma popanda mpanda pakati. Mayi wobwera ndi ana awiri osiyana msinkhu ayenera kuwaona onse atakhala pa benchi imodzi.

Cholemba 3: Masamu a malo ogwera

Apa ndi pamene mapulani oyamba agwa. Pachithunzi cha wogulitsa chipangizo chimaoneka chaching'ono, koma chimene chimadya malo ndi ndalama ndi pansi pozungulira chipangizocho.

Chilichonse chimayambira pa mtunda wogwa, kutanthauza kuchokera pamwamba penipeni pamene mwana akuyembekezeka kuima kapena kulendewera mpaka pansi. EN 1176 salola kuti mtunda umenewu upitirire mamita 3. Ukapitirira masentimita 60, pansi payenera kukhala pofewa, ndipo malo ogwera ayenera kutuluka mita 1.5 kuchokera m'mphepete mwa chipangizo. Mtunda wogwa ukaposa mita 1.5, malo ogwera amakula: timatenga magawo awiri mwa atatu a mtundawo n'kuwonjezera theka la mita. M'malo amenewa musapezeke mwala, benchi, chitsa kapena m'mphepete mwa konkire.

Chokwera cha zingwe chimene tinasankha ndi cha mamita 3 mbali zonse, ndipo mtunda wogwa ndi mamita 2.4. Magawo awiri mwa atatu ndi mita 1.6, kuwonjezera theka la mita, akukwana mamita 2.1 mbali iliyonse. Chinthu chimene miyendo yake yatenga masikweya mita 9 chikufuna malo a mamita 7.2 mbali zonse, pafupifupi masikweya mita 52. Poti mtunda wogwa waposa mamita 2, mchenga uyenera kuzama masentimita 30, kuwonjezerapo masentimita 10 a mchenga umene ana amaukankhira m'mbali. Masikweya mita 52 kuchulukitsa ndi 0.4 akupereka pafupifupi makyubiki mita 21, ndipo mchenga wouma umalemera pafupifupi matani 1.6 pa kyubiki mita imodzi, ndiye kuti matani oposa 30 pa chipangizo chimodzi.

Tinawerengeranso titachitsitsa kufika pa mita 1.95. Malo ogwera amatsika kufika pa mita 1.8, malo onse pafupifupi masikweya mita 44, mchenga wozama masentimita 30, makyubiki mita 13. Kusiyana kwake ndi makyubiki mita 8, ndipo ena m'gulu anafuna titsitse. Sitinatsitse. Chimenechi ndi chinthu chokhacho chachitali pabwalo lonse, ndipo mwana wa zaka 10 akaona kuti palibe chomuyesa mphamvu amakakwera denga la kanyumba ka ana aang'ono, mpanda, kapena chitsulo chopingasa cha katungwe, kumene pansi pake sitinakonzere kugwa kotero.

Katungwe ali ndi masamu akeake. Kutalika kwa tcheni timachulukitsa ndi 0.867, n'kuwonjezera mamita 2.25 ngati pansi ndi mchenga, kapena mita 1.75 ngati ndi rabala wolingana ndi nthaka. Tcheni cha mamita 2 chikupereka pafupifupi mamita 4 kutsogolo ndi mamita 4 kumbuyo. Buku la CPSC limangoti kutalika kwa pamene tcheni chakoloweka kuchulukitse kawiri mbali iliyonse, zimene zimapereka malo okulirapo. Mipando isapitirire iwiri pakati pa mizati, chifukwa mwana wopita kumpando wapakati amayenera kudutsa pakati pa anzake amene ali m'malere. Mpando wathabwa kapena wachitsulo ayi, tikufuna wa rabala wopepuka, ndipo pansi pa mpando pakhale mpata wosachepera masentimita 35.

Mfundo imene yasintha mapu onse ndi iyi: malo ogwera a zinthu zongoima, monga zokwera ziwiri, akhoza kulowana, koma a zinthu zimene mwana sangathe kudziimitsa akayamba, katungwe, chotsetserekera ndi chozungulira, salowana ndi china chilichonse. Titajambula zonse, zipangizo 9 zimene zinali pamndandanda sizinakwane. Tachotsa chozungulira, nsanja yachiwiri ndi akavalo awiri a sipuling'i. Katungwe wapita kungodya, kumbuyo kwake kuli mpanda, kotero kuti palibe chifukwa choti mwana adutse kumeneko.

Chotsetserekera tachichotsa pansanja n'kuchigoneka pachulu chochita kuumba. Mwana akagwa amagwera paudzu pomwepo, makwerero oimirira safunika, ndipo kholo likhoza kukwera pambali litamugwira dzanja. Chuluchi chidzapangidwa ndi dothi lomwe tikumbe m'maenje a mchenga, ndiye kuti sitilipira galimoto yokalitaya. Kutsetsereka kwa mbali zake kusapitirire mita imodzi pa mamita atatu alionse, apo ayi udzu sugwira ndipo wotchetcha amavutika. Chotsetserekeracho chisapendeke kuposa madigiri 40 tikatengera utali wake wonse, ndipo kumapeto kwake tasiya mamita 2 opanda kanthu.

Cholemba 4: Pansi tiikapo chiyani

Ngozi zambiri zazikulu m'mabwalo a ana zimachokera pa kugwa. Muyezo wa EN 1177 umayesa pansi pogwetsa chitsulo chooneka ngati mutu chokhala ndi makina oyezera, ndipo nambala yotuluka, yotchedwa HIC, isapitirire 1,000. Muyezowu unapangidwa poteteza mutu. Mkono ukhoza kuthyoka ngakhale pansi pamene papambana mayeso, choncho tisauze makolo kuti pansi pofewa pathetsa kuvulala.

Udzu ndi dothi lofewa zimaloledwa mpaka mtunda wogwa wa mita imodzi, koma pansi pa katungwe udzu sukhalitsa, pamasanduka dothi louma gwa. Rabala wothira amalola njinga ya olumala kuyenda bwino ndipo safuna kusalaza, koma ndi wokwera mtengo, amafuna maziko olimba, wakuda amatentha kwambiri padzuwa, ndipo akakalamba amakhwinyata m'mphepete n'kusiya mpata wopunthwitsa. Makungwa a mamilimita 20 mpaka 80 ndi tizidutswa ta mitengo ta mamilimita 5 mpaka 30 amateteza bwino, kungoti amawola, amaphwera, ndipo kumene kuli chiswe samachedwa kutha. Utuchi wa kumalo ochekera matabwa si umenewu, usalandiridwe.

Tasankha mchenga pansi pa chokwera ndi katungwe, ndi rabala pang'ono panjira yofikira katungwe wa dengu, amene mpando wake ndi wotakata ngati dengu. Mchenga wake ndi wotsuka, wa njere zobulungira, wopanda dongo kapena fumbi. Mchenga womangira nyumba uli ndi njere zosongoka ndi fumbi lambiri, ndiye chifukwa chake umagwira bwino simenti, ndipo chifukwa chomwecho ukanyowa n'kupondedwa umauma ngati pansi pa nyumba. Kuyesa kwake n'kosavuta. Finyani wonyowa m'dzanja: ukatsala chibuma cholimba kapena kusiya utoto pachikhatho, ubwezeni. Kapena thirani m'botolo la madzi, khutchumulani, muusiye ukhazikike. Matope akaoneka ochindikala pamwamba pa mchenga, si woyenera. Mwa zitsanzo zitatu zimene tinalandira, chimodzi chokha chapambana.

Walira mvula walira matope: mchenga umafuna munthu wa leki. Umabisa magalasi osweka, amphaka amaukonda, ndipo pansi pa katungwe pamakumbika dzenje. Pamizati tidzalemba mzere wosonyeza pamene mchenga uyenera kulekezera, kuti woyendera angoyang'ana n'kudziwa kuti wachepa.

Cholemba 5: Ngalande ndi maziko

Kukumba kwayamba. Dzenje la mchenga lokumbidwa m'dongo popanda potulukira madzi ndi dziwe, choncho ngalande yatsogola. Pansi pa dzenje tapendeketsa sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse. Pamwamba pake miyala yoswa yotsuka yochindikala masentimita 10, mkati mwake paipi yobowolabowola ya mamilimita 100 yopita kudzenje lomwera madzi kunja kwa bwalo, kenako nsalu ya geotextile, kenako mchenga. Nsaluyo ndiyo imaletsa mchenga kutsikira m'miyala n'kutseka paipi. Polumikiza zidutswa zake zipitirirane masentimita 30, ndipo m'mbali ikhomedwe, chifukwa ana akaipeza pokumba amaikoka.

Maziko a mizati tawayendera konkire asanathiridwe. Pamwamba pa konkire payenera kukhala masentimita 40 pansi pa pamene mchenga udzalekezere, kapena masentimita 20 ngati mapewa ake aumbidwa motsetsereka. Maenje awiri omanga anawakonza kuti konkire afike pafupi ndi pamwamba, monga amachitira pa mzati wa mpanda. Akumbidwanso. Mchenga ukakankhika, konkire woteroyo amatsala pamtunda pamalo enieni amene mwana amagwera. Konkire asiyidwe masiku osachepera 7 asanamangirirepo tcheni kapena zingwe, ndipo mpaka nthawi imeneyo mipando ya katungwe ikhale yotsekeredwa mosungira katundu, chifukwa ana saona kusiyana pakati pa bwalo lotha ndi losatha.

Mzati wathabwa umawolera pamene wakumana ndi nthaka, ndiye tauimika pa nsapato zachitsulo. Matabwa onyikidwa m'mankhwala oletsa kuwola a CCA tawakana chifukwa muli poizoni wotchedwa arsenic. Ku America anasiya kuwagwiritsa ntchito pa zinthu zoseweretsa ana kumapeto kwa 2003. Penti ikhale yopanda mtovu, wosapitirira magawo 90 pa miliyoni, ndipo tapempha chikalata chake kwa wogulitsa, makamaka pa penti yofiira ndi yachikasu.

Cholemba 6: Kuyesa mipata

Zipangizo zafika ndipo zamangidwa. Tisanalandire tayesa mpata uliwonse. Kugwa kumavulaza ana ambiri, koma kukodwa khosi kumapha mwakachetechete, ngakhale pachinthu chachifupi.

Mwana wamng'ono mutu wake ndi waukulu kuposa chifuwa. Akalowetsa miyendo pampata, thupi limadutsa, mutu n'kutsala, iye n'kulendewera. Choncho mpata uliwonse umene uli pamwamba kuposa masentimita 60 ukhale wochepera mamilimita 89, kuti thupi lisalowe n'komwe, kapena woposa mamilimita 230, kuti mutu udutsenso. Zala zimakodwa m'mabowo a pakati pa mamilimita 8 ndi 25. Maso a tcheni asapitirire mamilimita 8.6. Pamalo oyendapo, mpata wa pakati pa matabwa usapitirire mamilimita 30. Pamwamba pa chotsetserekera tafufuza ming'alu yooneka ngati V imene ingakole chingwe cha chovala.

Tapeza zolakwika zitatu. Pa kanyumba ka ana aang'ono, pakati pa thabwa lomaliza la chotchinga ndi mzati panali mamilimita 110. Pachithunzi cha fakitale mpatawo unali bwino, koma mzati unasunthidwa pang'ono pomanga. Awonjezerapo thabwa. Mabawuti anayi anatuluka kwambiri kupitirira nati. Adulidwa kuti atsale mizere iwiri yokha ndipo avekedwa zipewa. Ngowe za katungwe zinabwera zooneka ngati S, zimene zimakanuka pang'onopang'ono. Tazisinthitsa ndi mashakulo otseka ndi bawuti. Phunziro la mpata wa mamilimita 110 lalowa m'pangano la ntchito zotsatira: chikalata cha fakitale chimachitira umboni chipangizo, osati mamangidwe, ndiye woyendera wosakhala wa kampani yomangayo ayese bwalo lonse ndalama yomaliza isanaperekedwe.

Cholemba 7: Dzuwa ndi zomera

Chotsetserekera chachitsulo chikayang'ana dzuwa chimawotcha khungu la mwana, lomwe ndi lopyapyala, ndipo wamng'ono sadziwa kudzuka msanga. Chiyang'ane kumwera ngati malo ali kumwera kwa equator, kumpoto ngati ali kumpoto. Chathu tachiika pamene mthunzi wa mitengo umafika dzuwa likapendeka, nthawi imene ana amachuluka akaweruka kusukulu. Mchenga wosewerera ana aang'ono uli ndi denga la nsalu, m'mphepete mwake motalika moti munthu sangalifikire ataimirira pa chipangizo chilichonse.

Mitengo yatsopano tabzala isanu, iliyonse ndi zichirikizo ziwiri ndi chotchinga, podziwa kuti mthunzi wake udzathandiza ana amene sanabadwe. Pamndandanda wa zomera tachotsapo oleander, lantana ndi nsatsi chifukwa ndi zapoizoni, komanso chilichonse chaminga. Zitsamba zobisalamo zikhalepo, koma zisapitirire m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndipo nthambi za mitengo zidulidwe mpaka mamita 2, kuti mwana azimva kuti wabisala pamene kholo likumuona. Matayala amene tagwiritsa ntchito podumphira abowoledwa pansi kuti asasunge madzi oswanirana udzudzu.

Cholemba 8: Njira, mpanda ndi pokhala

Njira yaikulu ndi yolimba, mita 1.5 m'lifupi, yosatsetsereka kuposa mita imodzi pa mamita 20. Njira yongofika pachipata n'kuthera pamenepo siithandiza mwana wa panjinga, amangokhala woonerera. Yathu ikufika pa katungwe wa dengu, amene mwana akhoza kugonamo kapena kukwera ndi mnzake, pa tebulo la mchenga lokwera moti mawondo alowe pansi, ndi pamwamba pa chulu kudzera kumbuyo kotsetsereka pang'ono. M'mphepete mwa njira tasiyanitsa mtundu kuti wosaona bwino azindikire. Pali kangodya kabata kutali ndi katungwe ka mwana amene phokoso limamusokoneza.

Mpanda wa mita imodzi waikidwa mbali ya msewu ndi kumbuyo kwa katungwe. Pamwamba pake palibe zosongoka, ndipo mipata yake yatsatira lamulo lomwe lija la mamilimita 89. Zipata ndi ziwiri, kuti mwana amene akuvutitsidwa ndi anzake kapena wakumana ndi galu akhale ndi kothawira. Chilichonse chimadzitseka chokha mosamenyetsa, sichiyang'ana msewu mwachindunji, ndipo mbali zonse ziwiri tasiya mpata wosachepera mamilimita 12 kuti chisatswanye zala.

Mabenchi ndi atatu, okhala ndi potsamira ndi pogwira manja chifukwa ambiri obwera ndi ana ndi agogo. Kholo likasowa pokhala pamthunzi, ana amapita kunyumba msanga. Bini ili pafupi ndi chipata, osati pambali pa benchi, chifukwa cha fungo ndi mavu.

Cholemba 9: Mtsutso wa zipika ndi miyala

Pamsonkhano wa anthu a m'dera, makolo ena anapempha kuti tichotse zipika zoyendapo ndi miyala ikuluikulu, ati ana adzagwa. Adzagwadi. Timasiyanitsa choopsa chimene mwana akuchiona n'kusankha yekha, monga kuyenda pachipika chokwera masentimita 40, ndi msampha umene sangauone, monga bawuti yomasuka kapena mpata wokola khosi. Msampha timauchotsa wonse. Choopsa chooneka timachiyeza pamodzi ndi phindu lake, ndipo njira imeneyi tsopano ili ndi muyezo wake, ISO 4980, wa mu 2023. Wofufuza wa ku Norway Ellen Sandseter anatchula mitundu isanu ndi umodzi ya masewera otere mu 2007, kuphatikizapo kukwera pamwamba, liwiro, kulimbana kwamasewera ndi kusowa pamaso pa akulu. Mwana amaphunzira kuyeza mphamvu zake pochita zimenezi.

Zipika zatsala. Tazisenda makungwa, tasalaza mfundo, tazikhomerera kuti zisagubuduke, ndipo mwala umodzi umene unali ndi msonga tauchotsa. Zifukwa zonse zalembedwa m'fayilo ya bwalo kuti funsoli likadzabweranso yankho lisadzayambire pachabe.

Cholemba 10: Kusamalira, ndi zimene zatsala

Bwalo silitsegulidwa mpaka zitadziwika kuti wolisamalira ndani, dzina la udindo wake litalembedwa ndipo ndalama zake zitaikidwa padera. EN 1176 imatchula kuyendera kwa mitundu itatu. Koyamba ndi kongoyang'ana, sabata iliyonse kapena tsiku lililonse ngati ana ndi ambiri: magalasi, ndowe za ziweto, mchenga wokumbika, chinthu chothyoka. Kachiwiri ndi koyesa mmene zinthu zikugwirira ntchito, pakati pa mwezi umodzi ndi itatu: kugwedeza mizati, kumanga mabawuti, kuona mmene tcheni chadyekera makamaka diso loyamba pamwamba ndi lomaliza pampando. Kachitatu ndi kwa pachaka, kochitidwa ndi katswiri wapadera, amene amafukula pansi pa mizati kuti aone dzimbiri ndi kuwola. Chinthu chikapezeka choopsa, chitsekedwe moti sichingagwiritsidwe ntchito, mwachitsanzo kuchotsa mpando ndi tcheni chomwe. Kachingwe kofiira kongozunguliza ana amangodutsa pansi pake.

Zimene zatha: ngalande, maziko, zipangizo zonse, mpanda, njira yaikulu ndi mitengo.

Zimene zatsala: udzu wa pachulu sunagwire mbali ya makwerero a zipika, ndipo tikuganiza zoyala mphasa ya rabala yobowoka imene udzu umamera mkati mwake. Mchenga waphwera monga tinayembekezera, tikudikira makyubiki mita 3 owonjezera kuchokera kumene tinatenga woyamba, osati kwina. Chikwangwani cha pachipata chikulembedwa, ndipo chidzakhala ndi dzina la bwalo, zaka za ana a chigawo chilichonse, nambala yoimbira pakachitika ngozi ndi yodziwitsa za chowonongeka. Chipata chakumadzulo chikutseka mwamphamvu, sipuling'i yake ifewetsedwe. Paipi yotulutsa madzi iyesedwenso ikagwa mvula yamphamvu yoyamba. Woyendera wapadera abwera zonsezi zikatha, ndipo patatha miyezi itatu bwalo litatsegulidwa tidzabweranso kudzaona pamene udzu waperepeseka ndi pamene sipakupondedwa, kuti tidziwe ngati benchi yachitatu ndi tebulo la mchenga zili pamalo oyenera.